Bambo anga tinawabisira matenda awo miyezi inayi, musachite ngati ife

Akonzi,

Zikomo pondipatsa kadanga mu nyuzipepala yanuyi. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale kuno ku Salima, mbali ya ku Chipoka, ndipo nkhani ndikulembayi yakhala ikundidya mumtima chiikireni maliro a bambo anga, nde ndati bola ndiitulutse, mwina wina amene wayala mkeka pansi pa bedi ya m'bale wake ku wodi panopa angatolepo kanthu asanalakwitse mmene ndinalakwitsira ine.

Bambo anayamba ndi kudandaula kuti nsima ikumaima pachifuwa. Tinkangoti ndi zilonda zammimba, tikugula timankhwala ta pa golosale, mpaka nsima anaisiya nkuyamba phala, phala lomwelo nalo likumabwerera, munthu woti ankamaliza mitanda itatu ndi utaka wowotcha anayamba kutha ngati sopo ife tikuona. Atatipatsa kalata yopita kuchipatala chachikulu, kumeneko anawalowetsa kapaipi ka kamera kukhosi nkudulako kachidutswa kokayeza. Tsiku lomwe zotsatira zinabwera adokotala anandikodola ine ndi azakhali, mlongo wawo wa bambo, tinaima pakhonde la wodi anthu akudutsadutsa, nkutiuza kuti ndi khansa ya kum'mero, yafika kale patali, opaleshoni singatheke. Sizinatenge olo mphindi zisanu. Ine ndinafunsa kuti nanga eni akewo mwawauza? Anati zimenezo mukaona nokha ngati banja. Bambo anali pa bedi pompo kuseri kwa khoma, mutu wawo ukugwira bwinobwino, munthu woti sankaphonya nkhani za pa wailesi ndipo ankakumbukira mtengo wa feteleza wa zaka khumi zapitazo, koma za thupi lawo lomwe anamva anthu ena, iwo ayi.

Azakhali pompo anati achimwene asamve, akamva afa ndi maganizo sabata isanathe. Abale ena atamva pa foni anati zoona, wodwala sauzidwa zotere. Ine ndinavomera, ndisaname kuti anandikakamiza, nanenso ndinali ndi mantha oyang'ana bambo anga mmaso nkutchula mawu amenewo. Nde tinabwerera kumudzi ndi bodza lathu, ati ndi chilonda cha kukhosi chipola pang'onopang'ono. Miyezi inayi yathunthu akonzi, tikudyetsa munthu wamkulu bodza. Mbuzi zawo zitatu zinathera mu thiransipoti ndi kwa asing'anga ndi timabotolo ta madzi odalitsa ta kwa aneneri, aliyense kubwera ndi nzeru yake, bambo osakana kanthu. Ankakamba zogula malata akakolola mpunga. Nthawi zina usiku tikatsala awiri ankandiitana, mwana wanga, adokotala aja anakuuza chani kwenikweni? Ine nkumati palibe bambo, angoti muzimwa mankhwala. Ndikakumbuka yankho langa limenelo mpaka lero tulo timathawa.

Pa makoma a zipatala zathu pamakhala ma posita a ufulu wa odwala, ena mpaka anafufuluka ndi dzuwa, ndipo pamalembedwa poyera kuti wodwala ali ndi ufulu wodziwa matenda ake komanso wosungiridwa chinsinsi. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 19, amati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, mpaka amaletsa kuyeserera mankhwala kapena kuchita kafukufuku pa munthu asanavomere mwini wake. Ndekuti thupi lili ndi mwini wake. Nanga zinatheka bwanji kuti chinsinsi cha bambo chiperekedwe kwa ife pakhonde, eni ake nkumanidwa? Ndikudziwa mmene ogwira ntchito mzipatala akuvutikira, munthu mmodzi koma mzere wa odwala wofika panja, mankhwala kulibe, nthawi zina magulovu omwe kulibe, sindikulemba kuti ndinyoze aliyense. Koma kufunsa wodwala kuti bambo, zotsatira zabwera, mukufuna tikuuzeni inu nomwe kapena tiuze ana anu, sikulira olo tambala imodzi ya boma. Alipo odwala amene angayankhe kuti uzani mwana wanga ine sindikufuna kumva, nawonso ndi ufulu wawo umenewo. Koma afunsidwe kaye.

Ena amati nchikhalidwe chathu, imfa sitchulidwa munthu ali moyo, nkulaula. Ine ndakulira kumudzi ndipo ndinaona ndi maso anga agogo aakazi akumwalira. Anaitanitsa mbumba yonse, anatchula munthu amene anamukongola thumba la chimanga kuti akabwezeredwe, ananena kuti mtsuko wakuti apatsidwe uje, ana awiri amene ankakangana anawagwiranitsa manja, anatsanzika mmodzimmodzi. Makolo athu ankatsanzika, ndipo mawu osiya womwalira sankaphwanyidwa wamba. Zobisazi ine ndimaona kuti zakula ndi mapepala a kuchipatala, poti masiku ano woyamba kudziwa ndi amene wagwira pepala, osati amene akumva kuwawa.

Mwezi wachinayi ululu unafika poipa. Panado ndi bufeni zinali ngati madzi, komanso kumeza kumene inali nkhondo. Usiku wina cha mma 2 koloko bambo anandigwira dzanja mwamphamvu nkunena kuti mwana wanga ngati umandikonda ndipezere chinthu ndimwe ndigone ndisadzukenso. Ndinatuluka nkukalira kuseri kwa nkhokwe kuti asandimve. Ndalemba zimenezi dala chifukwa ndikudziwa kuti ma gadiyani ambiri anamvapo mawu amenewa kwa odwala awo koma amawameza, amaona ngati nchinthu chochititsa manyazi.

Kumaiko ena monga Netherlands ndi Belgium, kuyambira 2002 lamulo limalola dokotala kuthandiza wodwala wovutika kwambiri kuti afe akapempha yekha, Canada nayo inatsatira mu 2016. Kuno kwathu ndi mlandu pa malamulo athu. Ine sindikufuna lamulo lotere libwere kuno, ndipo chifukwa changa si cha kutchalitchi chokha. Mdziko loti wodwala amachezera kubuula chifukwa palibe anamuuza kuti mankhwala a ululu waukulu alipo, mawu oti bola ndife amachokera ku ululuwo ndi ku mantha oti ndikulemetsa abale, osati kuti munthuyo watopa ndi moyo. Khomo limenelo likatseguka oyamba kukankhidwiramo ndi osauka, ndi agogo amene adzukulu atopa nawo, omwe aja timawanamizira ufiti mmidzimu. Bambo anga ululu utaleka sanabwerezenso mawu aja olo kamodzi.

Amene anatitsegula mmaso ndi mnzanga wa kuntchito amene mayi ake anadwalapo khansa ya khomo la chiberekero, ndi iye anandiuza za chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika, chija amati palliative care. Tangoganizani, ife a ku Salima tili ndi Ndi Moyo pompano, malo amene anayambitsa mayi Lucy Finch, namwino wa kwathu konkuno ku Malawi, ndipo ntchito yake yeniyeni ndi imeneyi, koma tsiku lija la pakhonde palibe anatchula kuti kunja kuno kuli thandizo lotere. Tinangouzidwa kuti palibenso chochita, pitani kunyumba. Chonsecho chochita chinalipo chambiri.

Namwino wina wophunzira za chisamaliro chimenechi anabwera kudzaona bambo, anatipatsa mofini wamadzi, kamuyezo kochepa pa sirinji maola anayi aliwonse usana ndi usiku, osadikira kuti ululu uyambe kaye, ndi mankhwala ofewetsa mmimba poti mofini amadzimbitsa. Azakhali anakana poyamba, ati awa ndi mankhwala omalizitsa, akayamba kupereka amenewa ndekuti akufuna munthu apite. Bodza limeneli lafala kwambiri mmidzi ndipo likuzunzitsa anthu. Chimene chimachitika nchakuti timachedwa, mofini amaperekedwa munthu atatsala maola, nde akamwalira timaloza botolo. Bambo anamwa mofini masabata asanu ndi awiri, akucheza ndi alendo, akusewera ndi zidzukulu, akumvera mpira pa wailesi, mutu uli bwinobwino.

Koma chachikulu chimene namwino uja anachita si botolo ayi. Anakhala pansi pa mkeka pafupi ndi bambo, nkutipempha ife tikhale kaye chete, nkuwafunsa kuti bambo, inuyo mukuona kuti chikuchitika nchani mthupi mwanumu? Bambo anayang'ana kudenga kanthawi nkuti, ine ndikudziwa kuti ulendo wanga wafika, ndinadziwa kalekale, koma anawa akuopa nde ndimangokhala chete kuti ndisawaliritse, za malata zija ndinkangonena kuti mitima yawo ikhale pansi. Akonzi, ife kubisira iwo, iwo kubisira ife, nyumba imodzi koma aliyense akulira payekha mumdima miyezi inayi. Namwino anawafunsa ngati akufuna kumva dzina la matendawo, anati eee, anawauza mofatsa koma mosazungulira, bambo anangoti zikomo mwana wanga, ndiwe woyamba kundiyankhula ngati munthu wamkulu.

Panali nkhani yobwerera kuchipatala chachikulu kuti akawaike kachubu kothandiza chakudya kudutsa. Namwino anafotokoza ubwino wake ndi zovuta zake, kuti khansa sikachiza koma kangathandize kumeza kwa kanthawi. Bambo anamvetsera zonse nkukana. Anati ulendo wa minibasi wokwera zitunda uja sindiuthanso, ndikufuna ndifere pakhomo pano ndikumva mphepo ya kunyanja. Azakhali anati kumeneko nkudzipha achimwene, Mulungu sakondwera nazo. Apo ndi pamene ndinatsutsana nawo koyamba mmoyo wanga. Kukana thandizo lomwe silikuchiza ndi kumwa chiphe nzosiyana kutalitali. Wina atha kusankha kachubuko, ndipo akasankha alandire msanga osamuzunguza, koma wosankha akhale mwini khosi.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi kwenikweni. Patapita masiku atatu chiuzidwireni, bambo anandiitana nkuti pali mlandu womwe sindingapite nawo kumanda, mlandu suola mwana wanga. Nkhani yomwe ndinamva tsiku limenelo ndinali ndisanaimvepo chibadwire.

Achinyamata a lero sadziwa za makhadi. Nthawi ya chipani chimodzi khadi ya MCP inali ngati mpweya, wopanda khadi salowa mumsika, sakwera basi. A Mboni za Yehova ankakana kugula chifukwa cha chikhulupiriro chawo chosalowa ndale. Boma linawaletsa mu 1967, ndipo mu 1972 zinthu zinafika poipitsitsa, kuchotsedwa ntchito, kuotcheredwa nyumba, kumenyedwa, amayi kugwiriridwa, anthu masauzande anathawira ku Zambia ku msasa wa Sinda Misale, ena ku Mozambique, ndipo ena atabwerera anakatsekeredwa ku Dzaleka ku Dowa, kuja lero kuli anthu othawa kwawo. Chiletsocho chinadzachotsedwa mu 1993, chaka cha referendamu. Bambo anga mu 1972 anali mnyamata wa yufi, wa malaya ofiira aja. Usiku wina anapita gulu kwa banja lina la Mboni mmudzi woyandikana, anthu oti ankatunga nawo chitsime chimodzi. Bambo ndi amene anagwira manja a mwamunayo kumbuyo anzawo akumenya, ndipo ndi iwo anaponya muuni padenga la nyumba ndi pa nkhokwe. Banjalo linathawa usiku womwewo khanda lili kumbuyo, khandalo linakafera ku msasa ku Zambia. Dimba lawo la mpunga kudambo linagawidwa, chigawo china chinagwera mbumba ya kwa bambo, ndekuti mpunga umene ndinkadya ndikapita kutchuthi kwa agogo unkachokera mmenemo.

Ndinakhala du. Bambo omwewa amene ankandikweza pa njinga kupita kusukulu mvula ikamagwa, amene anandiphunzitsa pemphero la Ambuye, amene sanandimenyepo olo tsiku limodzi. Madzulo amenewo sindinathe kuwapukuta mthupi monga mwa masiku onse, ndinapempha msuweni wanga. Mmawa mwake ndinatenga beseni ndekha chifukwa anali bambo angabe, koma mkwiyo sunathe, mpaka pano umabwera.

Mwamuna uja anamwalira kale koma mayiyo alipo, anabwerera chiletso chitatha, pano ndi agogo oyendera ndodo. Chibwererereni bambo kwawo mayi anga atamwalira, awiriwa akhala akukumana pa maliro, kuchigayo, kupatsana moni wa mwaswera bwanji ngati palibe kanthu. Bambo anati ndikawapemphe abwere. Ndinapita ndekha, ndinagwada pakhomo pawo nkunena zomwe ndatumidwa. Anandiyang'ana nthawi yaitali nkuti ndamva mwanawe, ndiganize kaye. Anaganiza masiku anayi, ndipo masiku amenewo ndinkapemphera kuti bambo asatsogole. Ndi pamene ndinazindikira kukula kwa chomwe tinachita, miyezi inayi yomwe anali ndi mphamvu zoyenda okha kukagwada pakhomo paja tinaitaya ndi bodza la chilonda.

Tsiku lachisanu anabwera pa kabaza ndi mdzukulu wawo. Mnyumba munali mkulu wina wa mpingo wathu, munthu wabwino ndithu, koma anafulumira. Agogo aja asanakhazikike anayamba, mayi mwachita bwino kubwera kudzakhululukira m'bale wathuyu, Baibulo likuti tikhululuke ka 70 kuchulukitsa ka 7. Iwo anayankha mosakweza mawu kuti Baibulo ndimalidziwa bambo, nyumba yanga inapsa chifukwa cha ilo, ine ndabwera kudzamva. Bambo anayamba ndi mawu ofooka, mayi ngati ndinakulakwirani nthawi ija. Anawadula pompo. Chotsanipo ngati, ndinalipo, mwezi unkawala, ndinakuonani, nenani zomwe munachita. Nde bambo ananena zonse, manja amene anagwira, muuni, nkhokwe, dimba, akupuma kawirikawiri poti mawu ankawathera, ine ndikuwanyowetsa milomo ndi kansalu. Atamaliza agogo aja anatchula dzina la khanda lija, anati mwana wanga anali ndi dzina, libwerezeni. Bambo analibwereza akulira. Iwo sanalire. Anati zaka zonsezi ndimafuna mmodzi mwa inu anene ndi pakamwa pake kuti zinachitika, poti mmudzi muno anthu amakhala ngati ndinachita kulota. Za kukhululuka ndikakamba ndi Yehova, si mchere woti ndingakupatseni lero pachikhatho. Anaimirira nkuti mupume bwino, nkumapita.

Mkulu wa mpingo uja anakhumudwa, ena mpaka anati agogo aja ngouma mtima, munthu ali pamphasa ya imfa osamumasula. Ine ndikukana zimenezo ngakhale wogona pamphasapo anali bambo anga ondibereka. Anabwera ndi ndodo yawo kudzakhala mnyumba ya munthu amene anawaotchera zonse, kodi nchochepa chimenecho? Chikhululuko si ngongole yomwe wozunzidwa ayenera kubweza chifukwa wozunza watsala pang'ono kufa. Azibusa athu ndi akulu a mipingo, chonde lekani kukankha anthu opwetekedwa kuti anene mawu amene mtima wawo sunafike, mumawapweteka kachiwiri. Ndipo bambo omwe sanadandaule, usiku umenewo anagona tulo tomwe sindinawaone nato miyezi yonse ija.

Mawu aja oti chotsanipo ngati akhala akundizungulira mmutu chifukwa ndi matenda a dziko lonse lino. Nduna zitatu ndi phungu mmodzi, a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga, anaphedwa ku Mwanza mu 1983 nkunamizira ngozi ya galimoto, mlandu wake unatha mu 1995 oimbidwa mlandu atapezeka osalakwa. Kumayambiriro kwa 1996 Kamuzu anapepesa mtundu wa a Malawi, koma kupepesa kwakenso kunali ndi ngati, ngati alipo anavutika. A Orton Chirwa anafera mndende ya Zomba mu 1992. Tinakhazikitsa National Compensation Tribunal kuti ozunzidwa apepesedwe ndi kangachepe, koma inatsekedwa anthu ambiri asanalandire, mpaka ofesi ya Ombudsman inadzafufuza nkunena poyera kuti mabala amenewa sanapole. Bwalo loti anthu akanene zoona pamaso pa anzawo, ngati lija ankatsogolera Desmond Tutu ku South Africa, ife sitinakhale nalo. Tinangouzana kuti zakale zisiyeni, ndipo ouzidwa kuti akhululuke nthawi zonse ndi omenyedwa, omenyawo palibe anawafunsa kanthu. Ku South Africa komweko banja la Steve Biko, womenyera ufulu wa anthu akuda nthawi ya tsankho, linakana kuti apolisi okhudzidwa ndi imfa yake ya mu 1977 akhululukidwe, ndipo bwalo lija linawakanizadi, mwa zina poona kuti sananene zoona zonse.

Nkhani ya Biko ndimaikumbukanso chifukwa cha madokotala. Anamuona ali wovulala mmutu mmanja mwa apolisi, wina analemba kuti sanapeze vuto, mpaka analola kuti amunyamule ali maliseche kumbuyo kwa galimoto mtunda woposa makilomita 1,000 kuchoka ku Port Elizabeth kupita ku Pretoria komwe anakafera. Zinatenga mpaka 1985 kuti mmodzi wa iwo alandidwe udokotala. Sindikufanizira madokotala athu ndi amenewo, ayi ndithu. Koma zoipa zimayamba pang'ono, dokotala akayamba kuyang'ana nkhope za anthu oimirira mmalo moyang'ana munthu wagona pabediyo.

Ayufi ndi apayoniya a nthawi imeneyo pano ali mzaka za mma 70, amene anawazunza nawonso akalamba, ndi omwewa adzaza mawodi athu ndi khansa, shuga ndi BP. Tikamawabisira kuti nthawi yawo yatha, ena akupita kumanda ndi zoona zomwe wina wakhala akudikira zaka 50 kuti amve. Ena si za ndale nkomwe, ndi mwana wa kunja amene sanamuonetse, ndi ngongole, ndi malire a munda. A Medical Council of Malawi ndi a bungwe la anamwino ndi azamba, nkhani yoyankhula ndi wodwala muitenge ngati mankhwala enieni, dokotala akhale pansi ndi wodwalayo pamalo obisika osati pakhonde, ndipo tsiku lomwe mwanena kuti matenda sachira likhale tsiku lomwelo lomwe mwalozera banja kwa a palliative care, mofini apezeke mpaka ku ma health centre a kumidzi kuti gadiyani asamagulitse mbuzi chifukwa cha botolo limodzi. Koma ambiri olakwa ndife abale, azakhali, amalume, ana oyamba kubadwa ngati ine, amene timati tikuteteza wodwala chonsecho tikuteteza mantha athu.

Bambo anamwalira mbandakucha wa Lachiwiri mnyumba mwawo, mutu uli pamiyendo ya azakhali omwe aja. Agogo aja kumaliro sanabwere, anatumiza mdzukulu ndi lichero la ufa. Ena anati ndekuti akhululuka, ena anati ayi ndi mwambo chabe, ine sindinapite kukawafunsa ndipo sindidzapita.

Chatsala ndi dimba. Asanamwalire bambo ananena pamaso pa anthu kuti chigawo chija chibwezedwe kwa eni ake, ndipo anandiuza ndijambule mawu awo pa foni. Monga mukudziwa kwathu kuno malo ndi a mbumba, ine mwana wa bambo ndilibe mawu pamenepo, olimapo ndi ana a azakhali ndipo akukana, ati amalume ankayankhula ndi mofini mmutu, ati papita zaka zambiri ndani amafukula zotere. Namwino uja wati ngokonzeka kudzachitira umboni kuti nzeru zawo zinali bwinobwino. Nkhani ili kwa amfumu, atiitana mpunga ukakololedwa. Azakhali sakundiyankha foni mwezi wachiwiri tsopano ndipo zimandiwawa poti ndi amene anandilera mayi akadwala. Koma kubwaloko ndipita, foni ija ndikaiika pakati kuti mudzi wonse umve bambo akuyankhula okha, ndi mphindi 6 zokha, ndipo mulibe mawu oti ngati.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa ku Chipoka, Salima